Za Nyali za Galimoto, Zakale ndi Zatsopano

Usiku wina m'nyengo ya masika tinali kubwerera kwathu pa galimoto yakale ya mnzathu, ndipo pokwera chitunda china tinakomana ndi galimoto imene nyali zake zinali zoyera mbee, zonga mphezi yosazima. Mnzathuyo anathobwa m'maso, nachepetsa liwiro, nayenda kanthawi wosaona kanthu konse. M'mene kuwala kuja kunapitirira, taonani, m'mphepete mwa msewu munali mayi wosenza mtolo wa nkhuni, mwana ali kumbuyo, ndipo pakati pa iye ndi galimoto yathu panatsala ngati mikono iwiri yokha. Tonse tinakhala chete nthawi yaitali. Potsiriza mwini galimoto anati, "Mawa lomwe ndikagula mababu onga amene aja, kuti nanenso ndiziona."

Mawu amenewa ndiwo atilembetsa nkhani ino. Sitimtsutsa mnzathuyo pa kufuna kwake, pakuti nyali zake zinali zofookadi, zofiirira ngati nyali ya koloboyi yotha mafuta. Ndipo woyendetsa galimoto mu mdima wa kuno, kumene oyenda pansi, okwera njinga, mbuzi ndi ngolo zonse zilimbirana msewu umodzi, ayenera kuona bwino. Koma tinazizwa kuti munthu amene anatsala pang'ono kupha mayi ndi mwana chifukwa cha nyali zothobwa m'maso, afuna kuchiza nthendayo pogula nyali zomwezo. Tsono tinati tibwerere m'mbuyo, tione umo nyali za galimoto zinayambira, pakuti mlandu umenewu si wa lero. Amisiri alimbana nawo zaka zoposa 100.

Magalimoto oyamba, onga ija Carl Benz analembetsa ku Germany m'chaka cha 1886, anangobwereka nyali za ngolo zokokedwa ndi akavalo, ndizo za makandulo ndi za mafuta. Ntchito ya nyali zotere sinali kuunikira njira, koma kudziwitsa ena kuti kukudza chinthu. Lamulo la ku Britain la 1896, limene linamasula magalimoto opepuka kuti aziyenda mofulumirako, linanenanso kuti galimoto ikhale ndi nyali kuyambira ola limodzi dzuwa litalowa kufikira ola limodzi lisanatuluke. Ndipo pa liwiro la masiku amenewo, losapitirira mamailosi 14 pa ola, nyali ya mafuta inali kukwanako.

Koma liwiro la magalimoto linakula msanga kuposa nyali zawo, ndipo thandizo linachokera kumene anthu sanali kuyang'anako. M'chaka cha 1892 munthu wa ku Canada, dzina lake Thomas Willson, pofunafuna njira yotsika mtengo yopangira aluminium mu ng'anjo ya magetsi ku North Carolina, anapeza m'malo mwake mwala wotuwa wotchedwa carbide. Mwala umenewu ukadonthezeredwa madzi utulutsa mpweya wonunkha, dzina lake acetylene, woyaka ndi lawi loyera lowala kwambiri, losazima msanga ndi mphepo kapena mvula. Akuluakulu amene anagwirako ntchito m'migodi, ndi alenje osaka usiku, aidziwa bwino nyali imeneyi. Pa galimoto anali kumangirira chitini pambali, cha zipinda ziwiri, madzi pamwamba, carbide pansi, ndi timapaipi topita ku nyali. Dzuwa likalowa woyendetsa anali kuima, natsegula madzi, nadikira fungo, natsegula galasi la nyali iliyonse, nayatsa ndi machesi. M'mawa mwake inali ntchito yokokota phala loyera lotsala m'chitini ndi kutokosa timabowo totsekeka ndi mwaye. Ndipo ku maiko ozizira madzi aja anali kuundana, nyali n'kuzima pakati pa ulendo. M'chaka cha 1904 Carl Fisher ndi anzake anayambitsa kampani ya Prest-O-Lite ku Indianapolis, yogulitsa mpweyawo uli kale m'mitsuko yachitsulo, kotero kuti munthu ukamthera anali kusinthanitsa mtsuko wopanda kanthu ndi wodzaza, monga achitira lero ophikira gasi.

Apa m'pamene panabadwira dandaulo limene tili nalo kufikira lero. Lawi la acetylene, litaikidwa patsogolo pa kalilole, linali kuponya kuwala kutali, komanso m'maso mwa aliyense wochokera kutsogolo, ndi akavalo omwe. Ndipo woyendetsa analibe njira yapafupi yolitsitsira ali pampando.

Nyali za magetsi zinayesedwa kale m'chaka cha 1898 pa galimoto ya Columbia, koma sizinafale msanga, pakuti kaulusi ka makala koyaka m'kati mwa babu kanali kuduka ndi kugwedezeka kwa pa misewu yokumbika. Cha m'ma 1910 William Coolidge wa ku General Electric anapeza njira yofewetsera chitsulo chouma chotchedwa tungsten, kuti chisololedwe kukhala kawaya kopyapyala koma kolimba. Ndipo m'chaka cha 1912 Cadillac inatulutsa galimoto ya makonzedwe a Charles Kettering, imene dynamo ndi batire zinali kuliza injini, kupereka moto ku mapulagi ndi kuyatsa nyali.

Koma nkhani imene itikondweretsa koposa ndi ya Ford Model T, galimoto ya anthu wamba. Kuyambira 1915 Ford anaikapo nyali za magetsi, koma magetsiwo sanali kuchokera ku batire. Anali kuchokera ku magneto ya m'injini momwemo. Tsono injini ikathamanga nyali zinali kuwala, ikafatsa zinali kufiira. Taganizani, owerenga: pa msewu wosalala, pamene galimoto ithamanga, kutsogolo kunali ngwee, koma pofika pa dzenje, pa mlatho wopapatiza kapena pokhota, pamene munthu ayenera kuyenda pang'onopang'ono ndi kuyang'anitsitsa, pomwepo mdima unali kumgwera. Ochenjera anali kulowetsa giya yotsika kuti injini ilire kwambiri galimoto ili kukwawa. Koma akapyola muyeso babu linali kupsa, ndipo popeza mababu awiriwo anali olumikizidwa pa mzere umodzi, likafa limodzi linzake linali kuzima pamodzi nalo. Nkhaniyi tiisunge, pakuti tidzaifunanso kutsogoloku: babu liwala monga mwa mphamvu imene yalifikira, si monga mwa zolembedwa pa katoni yake.

Magetsi atafala, mlandu wa kuthobwa unakula, ndipo amisiri anayesa njira zambiri, zina zoseketsa. Pa nyali zina za 1915 woyendetsa anayenera kutsika kukaziweramitsa ndi manja. Cadillac ya 1917 inali ndi chogwirira m'kati, choti munthu atsitse kuwala asanachoke pampando. Ku Britain kunafala makonzedwe akuti, pokomana ndi mnzako, nyali ya kumanzere iwerame ndipo ya kumanja izime konse, kotero kuti galimoto inali kuoneka ngati njinga yamoto, chinthu choopsa pachokha. Yankho lenileni linadza cha pakati pa zaka za m'ma 1920, ndilo babu la Bilux la kampani ya Osram, lokhala ndi timawaya tiwiri m'galasi limodzi. Pano tipempha owerenga afatse, pakuti mutu wa nkhani yonse uli apa.

Aliyense amene anapondako m'sukulu akumbukira galasi lija losonkhanitsa dzuwa: likakhala pa mtunda wake weniweni litentha pepala, koma mukalisuntha pang'ono chabe kuwala kumwazika ndipo pepala silipsa. Mbale yonyezimira ya kumbuyo kwa babu ichita chimodzimodzi, koma chobwerera. Ili ndi malo amodzi, aang'ono ngati njere ya mpunga, pamene kawaya koyaka kakakhalapo, kuwala konse kutuluka molunjika kutali. Kawaya koyamba ka Bilux kakhala pamenepo, ndiko kuwala kwa patali. Kachiwiri kakhala patsogolo pang'ono, ndi kachipande kachitsulo kunsi kwake. Kachipandeko katchinga kuwala kumene kukadagunda kunsi kwa mbale ndi kubwerera m'mwamba, ndipo kotsalako, kogunda kumtunda kwa mbale, kugwa pansi pa msewu. Ndicho chifukwa chake mukaimika galimoto patsogolo pa khoma ndi kutsitsa nyali, muona mzere: kunsi kwake kuwala, kumtunda kwake mdima. Mzere umenewo ndiwo uteteza maso a mnzanu, ndipo upangidwa ndi zinthu zitatu zomvana, babu, mbale ndi galasi la kutsogolo, zonse zoyezedwa pa mamilimita.

Dziko lililonse linaonjezapo nzeru yake. A ku France anakhulupirira kuti kuwala kwachikasu sikuthobwa kwambiri, nalamula kuti magalimoto atsopano kuyambira 1937 akhale ndi nyali zachikasu. Lamulolo linakhala kufikira 1993. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 amisiri a ku Europe anakweza mzere uja ku mbali ya mphepete mwa msewu, kuti woyenda pansi aoneke akali kutali, ndipo mbali yoyang'ana magalimoto obwera ikhale yotsika. Ichi chitikhudza ife: ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe tiyenda kumanzere, monga a ku Japan ndi ku Britain, kotero nyali za magalimoto ochokera kumeneko zikwera kumanzere monga kuyenera, koma nyali yopangidwira dziko loyenda kumanja iponya kuwala kwake kokwerako m'maso mwenimweni mwa wobwera, ngakhale babu lake likhale labwino chotani.

A ku America anatsata njira ina, imene iyenera kulingaliridwa bwino. Iwo anaona kuti nyali zambiri za pa msewu zinali zoipa chifukwa cha ukalamba ndi manja a eni ake: mbale zopakidwa siliva zinali kuda ndi chinyezi, ndipo anthu anali kulowetsa babu lililonse limene alipeza. Tsono kuyambira magalimoto a 1940 anagwirizana pa nyali ya mtundu umodzi, yozungulira, ya mainchesi 7, yotchedwa sealed beam, imene kawaya, mbale ndi galasi zinamatidwa pamodzi osatseguka. Ikapsa munali kuitaya yonse ndi kugula ina, ndipo pogula munali kulandira mbale yatsopano ndi galasi latsopano, mufune musafune. Eni magalimoto a zaka za m'ma 1930, poona kuwala kwa atsopanowo, anagula zipangizo zosinthira, nachotsa za m'kati mwa nyali zawo, naikamo sealed beam. Uku kunali kukonzanso kwakukulu kwa nyali za magalimoto akale, ndipo kunayenda bwino pachifukwa chimodzi: anasintha nyali yathunthu, si babu lokha. M'chaka cha 1957 analola nyali zinayi zazing'ono m'malo mwa ziwiri, koma babu lochotseka sanalilolenso kufikira 1983. Ife tiyesa kuti lamulolo linaumitsa khosi nthawi yaitali kopambana, pakuti linatsekereza kunja nyali zabwino za ku Europe. Koma chimene linali kuopa chinali choona.

Ku Europe komweko, m'chaka cha 1962, kunatuluka H1, babu loyamba la halogen la pa galimoto. Babu lakale linali kuda m'kati likamakalamba, pakuti tungsten wotentha auluka pang'onopang'ono ngati nthunzi, nakamatirira pa galasi. M'babu la halogen muli mpweya wa iodine kapena bromine, umene ugwira tungsten woulukayo ndi kumbwezera pa kawaya. Chotero kawaya kakhoza kutenthedwa koposa osaduka msanga, ndipo galasi likhala loyera. M'chaka cha 1971 kunadza H4, la timawaya tiwiri, la 60 ndi 55 watts pamene lakale linali la 45 ndi 40, ndipo ndilo lili m'magalimoto akale ochuluka amene tiwaona pa misewu yathu. Popeza ukulu wa mainchesi 7 unali wodziwika ponseponse, mwini galimoto ya sealed beam anali kutha kuchotsa nyali yonse ndi kuikapo ina ya H4 yolowa bwino pamalo pomwepo. Njira imeneyi ikali yabwino ndi lero.

Kufikira pamenepa chowala cha nyali za magetsi chinali kawaya nthawi zonse. M'chaka cha 1991 BMW inaika pa galimoto yake ya 7 Series nyali ya xenon, imene mulibe kawaya konse. Magetsi alumpha pakati pa nsonga ziwiri m'kati mwa mpweya, ngati kamphezi kakang'ono. Poyaka ifuna mphamvu ya 20,000 volts kapena kuposapo, koma ikayaka idya 35 watts zokha, nipereka kuwala kwa 3,200 lumens, pamene H1 ipereka 1,550. Kuwala kotere kukaphonya malo ake kuchititsa khungu, ndipo chifukwa chake malamulo a ku Europe anafuna kuti galimoto yotere ikhale ndi chida choweramitsa nyali chokha ikalemedwa kumbuyo, ndi chotsukira galasi, pakuti fumbi limwaza kuwala. Pambuyo pake kunadza LED, yoyamba kuunikira msewu pa Lexus LS 600h m'chaka cha 2007. Kuwala kwake koyera kuchokera ku kachidutswa kowala buluu kokutidwa ndi mankhwala achikasu. Ndipo Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene anapanga kachidutswa ka buluu kameneka, analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2014.

Pa magalimoto amenewa nyali yonse inapangidwira chowala chatsopanocho. Koma amalonda sanachedwe kuona kuti eni magalimoto akale asirira, ndipo anayamba kugulitsa mababu a xenon ndi a LED a tsinde lolowa pa bowo la H4 ndi anzake. Kulowa alowadi, koma tikumbukire njere ya mpunga ija. Kawaya ka halogen ndi kopota, kowongoka, kowala mbali zonse mofanana. Kamphezi ka xenon ndi kopindika m'mwamba, kowala koposa ku nsonga zake ziwiri. LED ndi tizidutswa tafulati tomatidwa uku ndi uku pa kathabwa kokhala ndi kuchindikala kwake, tosawala m'mwamba ndi pansi monga tiwalira m'mbali. Mbale yoyezedwera kawaya ikalandira zimenezi, kuwala kwina kudumpha mzere uja kunka m'maso mwa anthu, ndipo kwina kochuluka kugwera pafupi, patsogolo penipeni pa galimoto. Chonyenga chili apa: woyendetsa aona pansi pali mbee, nakondwa kuti tsopano aona, koma diso likaona kuwala kwambiri pafupi lichepetsa kamboni kake, ndipo kutali, kumene kuli mayi wa nkhuni uja, kukhala kwakuda koposa kale. Mababu a halogen opakidwa buluu anyenganso momwemo, pakuti utoto suonjezera kuwala, ungochotsako. Ndipo a 100 watts atenthetsa swichi ndi mawaya zimene zinapangidwira 55.

Sitinena kuti babu lililonse la LED ndi loipa. Ku Germany boma linavomereza loyamba lolowa m'malo mwa halogen m'chaka cha 2020, koma pa magalimoto otchulidwa maina okha, amene nyali zawo zinayesedwa imodziimodzi. Ku Britain, mu January 2021, oyesa magalimoto anauzidwa kuti nyali ya halogen yoikidwamo LED ilephere pa mayeso a chaka ndi chaka a MOT, monga inali kale yoikidwamo xenon. Patapita miyezi iwiri anamasulako magalimoto amene anayamba kuyenda lisanafike tsiku la 1 April 1986. Maiko awiriwa anasiyana poweruza, koma onse anafunsa funso limodzi, lakuti babuli limvana kodi ndi nyali imene lalowamo.

Nanga mwini galimoto yakale achitenji? Akumbukire Model T. Galimoto ikakalamba, magetsi opita ku nyali adutsa m'mawaya aatali opyapyala, m'swichi yotha ndi m'malumikizo a dzimbiri, ndipo paliponse atayikako. Babu la kawaya silikhululuka pa chimenechi: mphamvu ikatsika gawo limodzi mwa magawo khumi, kuwala kutsika pafupifupi magawo atatu mwa khumi. Makaniko akayeza pa babu penipeni injini ili kulira, nakapeza kuti yaperewera, aika relay ndi waya wochindikala wa fyuzi yake kuchokera ku batire, nakhwekhwereza dzimbiri pamene waya wobwerera agwira chitsulo cha galimoto. Pambuyo pake ayang'ane mbale ngati yada, ndi galasi la kutsogolo. Magalimoto ambiri a kuyambira zaka za m'ma 1990 ali ndi la pulasitiki, limene dzuwa la kuno lilisandutsa lachikasu ngati diso la ng'ala. Mababu a halogen okalamba asinthidwe onse awiri pamodzi, osakhudza galasi lake ndi zala, pakuti mafuta a m'thupi apserera pamenepo.

Chotsala ndi kulunjika, ndipo apa mphunzitsi alole kuwerengera pang'ono. Pa magalimoto ambiri, pafupi ndi nyali, palembedwa 1.0% kapena chiwerengero choyandikana nacho. Ndiko kunena kuti mzere uja utsike masentimita 10 pa mamita 10 alionse. Nyali yokhala masentimita 65 kuchokera pansi ifikitsa mzere wake pa msewu pa mamita 65. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola idya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, kotero mtunda wonse wowalawo utha m'masekondi awiri ndi pang'ono. Palibe babu losintha chiwerengero chimenechi. Lowala koposa lingowalitsa mamita 65 omwewo. Chochisintha ndi phazi la woyendetsa, kapenanso matumba a chimanga oikidwa kumbuyo, amene atukula mphuno ya galimoto ndi kukweza mzere wonse kufika pa nkhope za anthu.

Mnzathu uja sanatimvere tsiku loyamba. M'mawa mwake anagula mababu ake a LED monga ananena. Koma asanawaike tinamnyengerera kuti tiimike galimoto madzulo patsogolo pa khoma la sukulu. Nyali ya kumanzere inali kuwalitsa pansi pa mamita asanu okha, ndipo ya kumanja inali kuunikira nthambi za mtengo wa mango. Makaniko anapeza waya wobwerera atadyeka ndi dzimbiri, atatsala ndi timaulusi towerengeka. Anaika relay, napukuta magalasi, nawongola nyali zonse ziwiri, naikamo mababu a H4 atsopano a 60 ndi 55 watts. Tinayesanso a LED aja pa khoma lomwelo kuti mwini wake aone yekha: mzere unasowa, khoma lonse linayera kufikira ku denga. Anawabwezera m'katoni, ndipo ali pamwamba pa kabati kufikira tsopano, pakuti wogulitsa anakana kubweza ndalama.